“Si munabereka kale?”: kufuna mwana wachiwiri uli ndi PCOS

Mayi amene sanaberekepo akamavutika kutenga pakati, ena amamumvera chisoni, ena amamujeda, koma onse amavomereza kuti pali vuto. Mayi amene ali ndi mwana mmodzi akanena kuti wachiwiri akukanika, anthu sakhulupirira n'komwe. Mwana amene ali naye uja amasanduka mboni yomutsutsa. “Si munabereka kale? Ndiye kuti njira ndi yotseguka, ingodekhani.” Mawu amenewa ndawamva kwa achibale, kwa anzanga, ngakhalenso kwa munthu wovala zoyera m'chipinda cha kuchipatala. Amanenedwa mokoma mtima, sindikukana. Koma ndi mawu amene amadyera amayi ambiri zaka zawo, chifukwa amawabweza asanagogode n'komwe pakhomo pamene akanapeza thandizo.

Ine ndili ndi vuto la mahomoni (timadzi ta m'thupi timene timayendetsa ntchito zake monga msambo) lotchedwa polycystic ovary syndrome, mwachidule PCOS. Chitherereni msinkhu, msambo wanga sunayendepo mwadongosolo. Anzanga ankadziwa tsiku lawo n'kumakonzekera, ine ndinkatha miyezi kuli zii, kenako n'kubwera wambiri, wosafuna kusiya. Ziphuphu sizinathe ngakhale nditakula. Pachibwano panayamba kumera titsitsi tolimba timene ndinkazula mobisa m'mawa. Khungu lakumbuyo kwa khosi linada, anthu n'kumati sindikhula posamba. Zonsezi ndinkaziona ngati mavuto osiyanasiyana. Panalibe anandiuza kuti gwero lake ndi limodzi.

Mwana wathu woyamba, wamkazi, anabwera popanda mankhwala alionse. Tinadikira nthawi ndithu, ndipo tsiku lina ndinangozindikira kuti kuchedwa kwa msambo ulendo umenewu sikunali kwa masiku onse kuja. Chimwemwe chinali chachikulu moti nkhani ya PCOS, imene dokotala wina anaitchulapo mongodutsa poyang'ana sikani, ndinaiika pambali. Aliyense anaiikanso pambali.

Kuti mumvetse chifukwa chake mwana mmodzi satsimikizira kuti zonse zili bwino, pafunika kudziwa zimene zimachitika m'kati. Mwezi uliwonse, m'mabasiketi a mazira a mayi mumayamba kukula timatumba ting'onoting'ono, kalikonse kali ndi dzira losakhwima. Mwa timatumba tonseto kamodzi kamaposa tinzake, kamakula, kamaphulika n'kutulutsa dzira, ndipo ngati dziralo silinakumane ndi mbewu ya abambo, pakatha pafupifupi masabata awiri msambo umabwera. Kwa ife a PCOS, timatumba timayamba kukula tambirimbiri koma timaima panjira, osapezeka kofika pokhwima. Mahomoni amene amatchedwa achimuna, omwe mayi aliyense ali nawo pang'ono, mwa ife amachuluka. Ndi amene amameretsa tsitsi pachibwano, ndipo ndi omwewonso amasokoneza kukhwima kwa dzira. Kuwonjezera apo, ambiri a ife thupi silimvera bwino insulini, imene ntchito yake ndi kulowetsa shuga m'maselo. Thupi likaona choncho limatulutsa insulini yambiri, insuliniyo n'kumakankha mabasiketi a mazira kuti apange mahomoni achimuna ochulukirapo. Zimangozungulira choncho.

Ndiye sikuti dzira silituluka mpang'ono pomwe. Limatuluka mwa apo ndi apo, pa nthawi imene sungailosere. Mwana wanga anachokera m'mwezi umodzi wotero. Kubadwa kwake kunasonyeza kuti pa nthawi imeneyo chiberekero chinali bwino, chubu chimodzi kapena onse awiri, njira zimene dzira limadutsa popita m'chiberekero, anali otseguka, ndipo mbewu ya abambo ake inali yamphamvu. Sikunalonjeze kuti mwezi wina wotero ubweranso msanga.

Vutoli si lachilendo kwa madokotala. Mu 1935, madokotala awiri a ku Chicago, Irving Stein ndi Michael Leventhal, analemba za amayi 7 amene anali ndi zizindikiro zomwezi. Mu 2003, akatswiri atakumana ku Rotterdam, m'dziko la Netherlands, anagwirizana kuti mayi ali ndi PCOS ngati ali ndi ziwiri mwa zinthu zitatu: msambo wosayenda bwino chifukwa dzira silituluka, mahomoni achimuna ochuluka, ndi timatumba tambiri m'mabasiketi a mazira tooneka pa sikani, bola matenda ena ofanana nawo atayezedwa n'kupezeka kuti palibe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati vutoli limakhudza pafupifupi mayi mmodzi pa amayi 10 alionse a msinkhu wobereka, ndipo mpaka amayi 70 pa 100 alionse amene ali nalo sadziwa. Chiwerengero chomalizachi chimandipweteka mtima. Matenda odziwika kwa zaka 90, ofala chonchi, koma amayi akungouzidwabe kuti adekhe.

Mwana atasiya kuyamwa, tinayamba kuyembekezera mng'ono wake. Poyamba msambo utachedwa kubwerera, aliyense anati n'chifukwa cha kuyamwitsa, ndipo zimenezi zili ndi choonadi chake, popeza homoni yopangitsa mkaka imaletsadi dzira kutuluka. Kuyamwitsa kutatha kalekale, anthu anapeza chifukwa china. Ena anati ndi njira zolera, kuti zinanditsekera. Apa ndiyenera kunena chilungamo chifukwa bodzali likuopseza amayi ambiri: jakisoni wolera angachedwetse kubwerera kwa mphamvu yobereka kwa miyezi ingapo ukasiya kubayitsa, koma sapangitsa munthu kukhala chumba, ndipo mapiritsi olera sayambitsa PCOS. Chimene amachita n'kubisa vutolo, chifukwa ukamamwa mapiritsi umaona magazi mwezi ndi mwezi, n'kumaganiza kuti zinakonzeka. Ukasiya, thupi limangobwerera pamene linali.

Nditapita kuchipatala koyamba, amene anandiona sanandiyeze chilichonse. Anafunsa ngati ndili ndi mwana, ndinati inde. Anafunsa ngati abambo ake ndi omwewo, ndinati inde. Anatseka faelo. “Mayi, musadzipanikize. Pitani mukayesebe, mudzabwere chaka chikatha.”

Lamulo la chaka chimodzili lilipodi. Madokotala amati banja lili ndi vuto la kusabereka ngati latha miyezi 12 likukhala malo amodzi popanda kulera koma pakati osaoneka, ndipo kwa mayi wa zaka 35 kupita m'tsogolo amati miyezi 6 yakwana. Koma lamuloli anaikira mayi amene amasamba mwezi uliwonse, amene m'chaka amakhala ndi mipata 12 kapena 13. Mayi amene amasamba katatu kapena kanayi pachaka alibe mipata imeneyo, ndipo mwina ngakhale pa maulendo ochepawo dzira silinatuluke. Kumuuza kuti akayese chaka n'kumuuza kuti akadikire chinthu chimene sichikuchitika. Malangizo a akatswiri amanena poyera kuti mayi wa msambo wosayenda bwino asadikire chaka, ayezedwe msanga. Pali anthu amene ankandikumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudekha ndi kwabwino pamene chinthucho chili m'njira. Pamene dzira silikukhwima, zaka za mayi zokha ndi zimene zimayenda.

Palinso ngozi ina imene sindinauzidwe tsiku limenelo. Mayi akamatha miyezi yoposa itatu osasamba, khungu la m'kati mwa chiberekero limangokhuthala osachoka, ndipo zikapitirira kwa zaka zingathe kubala khansa ya m'chiberekero. N'chifukwa chake madokotala amapereka mapiritsi a progesterone kuti magazi atuluke. Choncho ngakhale ndikanakhala kuti sindikufuna mwana wina, sindinayenera kubwezedwa chimanjamanja.

Adokotala achiwiri, mayi wachikulire wosathamangira zinthu, anayamba ndi kufunsa za msambo wanga kuyambira ndili mtsikana. Anafunsa za mmene ndinachirira, ngati ndinachitidwa opaleshoni, ngati ndinadwala malungo aakulu kapena kutuluka zonunkha nditabereka, ngati m'banja mwathu muli matenda a shuga. Kenako anandigoneka pa sikani, ya kachipangizo kolowetsa kunjira ya amayi, n'kutembenuza galasi kuti nanenso ndione. Pa chithunzi chotuwa panali chinthu chozungulira, m'mphepete mwake mutandanda timadontho takuda, tofanana kukula, ngati mkanda. Anayamba kuwerenga ndi nsonga ya cholembera, kamodzi, tiwiri, titatu, mpaka anasiya. “Mukutiona iti? Onsewa ndi mazira amene anayamba koma sanafike. Mazira muli nawo ambiri, mayi. Ntchito yathu ndi yoti limodzi lokha likhwime.” Ndinalira pabedi pomwepo, osati chifukwa cha mantha. Kanali koyamba kuti munthu andionetse chinthu chenicheni m'malo mondiuza kuti ndikuganiza kwambiri.

Anandiyeza magazi: mahomoni a chithokomiro, homoni ya mkaka ija, mahomoni achimuna, komanso shuga, muja amakumwetsa madzi otsekemera kwambiri a magalamu 75 a shuga n'kukutenganso magazi pakatha maola awiri. Ndipo asanalembe mankhwala alionse anati, “Abambo abwerenso.”

Amuna anga ndi munthu wofatsa, koma nkhaniyi inawalowa mopweteka. “Mayi, ine ndikayezetse chiyani? Mwana uyu si wanga kodi?” Ndinamva mawu omwe aja amene ankandibweza ine, tsopano akutuluka pakamwa pawo. Mwamunanso amabisala kumbuyo kwa mwana woyamba, ndipo anthu amamuthandiza kubisalako. Chonsecho pafupifupi theka la mabanja ovutika kubereka, mbali ina ya vuto imapezeka kwa abambo. Mbewu ya abambo imapangidwa mwatsopano nthawi zonse, ndipo imatenga miyezi iwiri ndi theka kapena itatu kuti ikhwime. Matenda otentha thupi, matenda opatsirana pogonana, fodya, mowa, kunenepa, mankhwala ena, zonsezi zingaisinthe pakati pa mwana woyamba ndi wachiwiri. Sindinawakakamize. Ndinangowauza kuti ine ndidzamwa mankhwala amene adzandisautse m'thupi, ndipo sindikufuna kuwamwa pachabe. Anakhala chete usiku wonse. M'mawa anati, “Afunseni adokotala anuwo tsiku.” Anapita, anapereka umuna m'kabotolo, zotsatira zinatuluka zabwino. Chimene ndinapindula kwambiri si pepalalo. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kunena kuti “zakuchipatala zanu”, anayamba kunena kuti “zakuchipatala zathu”.

Kuyeza machubu kunali kowawa. Amathira mankhwala amadzimadzi m'chiberekero kudzera pakhomo lake, n'kujambula ekisire kuti aone ngati madziwo akudutsa m'machubu. Kupweteka kwake n'kwa cham'mimba cha msambo, champhamvu, koma kwa mphindi zochepa. Kwa mayi amene anaberekapo kuyeza uku n'kofunika kwambiri, chifukwa matenda olowa pobereka, popita padera kapena pa opaleshoni angasiye zipsera zotseka machubu amene kale anali otseguka. Anga anali otseguka.

Za kulemera kwa thupi ndili nazo ndi mawu. N'zoona kuti kwa mayi wonenepa amene ali ndi PCOS, kuchepetsa thupi ngakhale pang'ono, makilogalamu 5 mpaka 10 pa 100 alionse amene akulemera, kungathandize kuti dzira liyambenso kutuluka. Ndinayamba kuyenda ndawala m'mawa, ndinachepetsa zotsekemera, ndipo ndinaona kusintha pa mphamvu zanga ndi tulo. Koma mawu akuti “kachepetseni thupi kaye” asakhale chitseko chotsekera munthu panja. Insulini yochuluka imapangitsa kuti kuonda kukhale kovuta kuposa kwa munthu wina, ndipo pali amayi ambiri a PCOS amene ndi ochepa thupi kale. Mayi wa zaka 36 sungamuuze kuti apite akaonde zaka ziwiri. Adokotala anga anachita zonse pamodzi: kusintha kadyedwe, mankhwala a metformin chifukwa shuga wanga anali m'malire, ndi folic acid wa tsiku ndi tsiku amene mayi aliyense wofuna pakati ayenera kuyamba asanaime. Metformin masabata oyamba amasokoneza m'mimba, nseru ndi kutsegula. Kuyamba pang'onopang'ono ndiponso kumwa utadya kumathandiza. Payekha metformin si wamphamvu pobweretsa mwana: pa kafukufuku wamkulu wa ku America wa mu 2007, amayi 7 okha pa 100 alionse amene ankamwa metformin yekha ndi amene anabereka, pamene omwa clomiphene, mapiritsi othandiza kuti dzira lituluke, anali oposa 22 pa 100.

Clomiphene ndi mankhwala akale, akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira m'ma 1960, ndipo ndi amene amayi ambiri amawadziwa. Ine anandilembera ena, letrozole. Nditawerenga kapepala ka m'bokosi ndinachita mantha, chifukwa kanalembedwa kuti ndi mankhwala a khansa ya m'mawere. Ndi zoona, anapangidwira zimenezo. Amatsitsa homoni ya estrogen kwa masiku ochepa, ubongo ukaona kuti yatsika umatumiza homoni yambiri yokulitsa timatumba tija, ndipo kamodzi kamapeza mphamvu yopitirira tinzake. Mu 2014, kafukufuku wotsogozedwa ndi Richard Legro, wa amayi 750 a PCOS, anapeza kuti mwa amene anamwa letrozole, 27.5 peresenti anabereka ana amoyo, pamene mwa amene anamwa clomiphene anali 19.1 peresenti. Kuyambira mu 2018, malangizo a akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana amati letrozole ndiye woyamba kuyesa kwa mayi wa PCOS amene vuto lake ndi dzira lokha. Manambalawa ndimawaona mbali ziwiri. Amapatsa chiyembekezo, komanso amanena mosabisa kuti amayi ambiri m'kafukufukuyo, atayesa mpaka miyezi isanu, anali asanabereke.

Mapiritsi ake ndi aang'ono, a mamiligalamu 2.5, omwa masiku asanu kumayambiriro kwa msambo, utatsimikiza kaye kuti sunaime. Ine ankandipweteketsa mutu, kunditenthetsa thupi usiku ndi kunditopetsa. Mlingo woyambawo sunachite kanthu. Pa sikani timadontho tija tinali chimodzimodzi, kopanda kotsogola. Anawonjezera mlingo. Tsiku limene adokotala anaika timizere tiwiri pagalasi n'kunena kuti “aka kafika mamilimita 19”, ndinayang'anitsitsa kabwalo kakuda kaja, kakakulu kuposa tinzake tonse, ndipo ndinatuluka m'chipindamo miyendo ikunjenjemera. Ndinawaimbira foni amuna anga ndili pakhonde. “Bambo, lakhwima.” Anafunsa kawiri kuti atsimikize.

Pali zinthu zing'onozing'ono zimene zimasokoneza ife a PCOS kuposa ena, ndipo ndi bwino kuzidziwiratu. Timapepala toyezera mkodzo tosonyeza kuti dzira latsala pang'ono kutuluka timayang'ana homoni ya LH, koma ambiri a ife homoni imeneyi imakhala yokwera nthawi zonse, ndiye kapepala kangathe kumavomera masiku ambirimbiri dzira lisanatuluke. Kuyeza magazi kotsimikiza kuti dzira latuluka kumatchulidwa kuti n'kwa tsiku la 21 kuwerengera pamene msambo unayamba, koma tsikulo n'loyenera mayi amene amasamba pa masiku 28 alionse. Chofunika n'chakuti papite pafupifupi sabata dzira litatuluka, ndiye ngati lako limachedwa, kuyezakonso kuchedwe, apo ayi pepala lidzanena kuti mankhwala sanagwire pamene anagwira. Ndipo ukabayidwa jakisoni wa hCG wophulitsa kathumba, amene amatulutsa dzira pakatha maola pafupifupi 36, usathamangire kuyeza mimba. Homoni ya mujakisoniyo ndi yomweyo imene kachipangizo koyezera mimba kamafufuza, ndipo imatha kukhala m'thupi masiku 10 kapena kuposerapo. Mizere iwiri ingaoneke popanda mimba. Mtima wa munthu amene wadikira zaka suyenera kupusitsidwa choncho.

Ndikudandaula ndi amayi amene amagula mankhwalawa paokha atamva kwa mnzawo kuti anamuthandiza. Ndikumvetsa chimene chimawafikitsa pamenepo, makamaka atabwezedwa ngati mmene ndinabwezedwera ine. Koma popanda kuyeza sudziwa ngati machubu ndi otseguka, ngati mbewu ya abambo ili bwino, ngati mazira akhwima limodzi kapena anayi. Mimba ya mapasa kapena ana atatu ili ndi zoopsa zake, ndipo ife a PCOS tili kale pachiopsezo cha shuga wa pamimba ndi kuthamanga kwa magazi tikaima.

Chimene mabuku sanena n'chakuti zonsezi umazichita uli kale mayi wa munthu. Dzira limakhala ndi moyo maola 12 mpaka 24 okha, mbewu ya abambo mpaka masiku asanu, ndiye masiku okhalira malo amodzi amachita kulembedwa pakalendala. Tsiku lolembedwalo mwana amatentha thupi, kapena walota zoopsa wabwera kudzagona pakati panu. Chinthu chimene chinali chachikondi chimayamba kumveka ngati ntchito, ndipo tonse awiri tinaziona. Tinachita kukhala pansi n'kukambirana kuti masiku ena akhale athu, osawerengedwa. Msambo ukabwera pambuyo pa masabata awiri akuyembekeza, ulibe nthawi yogona n'kulira. Pali mwana woti asambe, adye, apite kusukulu. Umapukuta maso kubafa n'kutuluka ukumwetulira.

Mwanayo nayenso amafunsa. Anzake kusukulu ali ndi ang'ono awo. Tsiku lina ndikumupesa tsitsi anati, “Amayi, ifeyo mwana wathu abwera liti?” Ndinamuuza kuti ine ndi abambo ake tikumufunanso, koma sitikudziwa ngati abwere. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti akabwera azidzagona pabedi pake. Sindimulonjeza. Sindifunanso kuti akule akuganiza kuti iye yekha sanatikwanire, ndipo ichi ndi chimene ndimachiopa kuposa jakisoni aliyense.

Tsiku lina ndinasowa womusiyira, ndinapita naye kuchipatala. M'chipinda chodikirira munali amayi angapo, aliyense ali ndi faelo pamwendo. Mwana wanga anakhala pansi n'kumaimba nyimbo yakusukulu, akusewera ndi zipi ya chikwama changa. Mayi wina amene anakhala moyang'anizana nane anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa motsitsa mawu, “Ndi wanu?” Ndinavomera. “Ndiye kuno mwadzatani, asisi?” Munalibe mwano m'mawu akewo. Anafunsa ngati munthu amene sakumvetsadi. Ndinamuuza kuti wachiwiri akukanika. Anagwedeza mutu n'kuyang'ana pansi, ndipo sitinalankhulenso.

Funso lakelo ndayenda nalo nthawi yaitali. Katundu wa mayi uja ndi wolemera kuposa wanga, sindingayerekeze. Iye akabwerera kunyumba kulibe womuthamangira pakhomo. Chichokereni tsiku limenelo ndimayesetsa kuti ndisapitenso ndi mwana kumeneko, pomulemekeza iye ndi ena onga iye. Koma sindivomereza kuti chifukwa chakuti chisoni chake ndi chachikulu, ndiye changa kulibe. Ndimathokoza chifukwa cha mwana wanga tsiku lililonse, ndipo ndimalira mwana amene sanabwere. Ziwirizi zimakhala mumtima umodzi popanda china kuthamangitsa chinzake. Amene amati “thokozani amene muli nayeyo” amaganiza kuti kufuna wachiwiri n'kusayamika. Koma mayi amene amatenga pakati mosavuta palibe amamufunsa chifukwa chake akufuna wachiwiri kapena wachitatu. Funsolo amafunsidwa yekhayo amene zikumuvuta.

Achibale ena ankaganiza kuti ndikuchitira dala. Apongozi anga anandiitanira pambali n'kundiuza mwaulemu kuti ntchito siitha, mwanayu akukula yekha, ndisiye zolerazo. Ndinasowa poyambira. Amuna anga ndi amene anayankha atamva. “Amayi, sakulera ayi. Nkhaniyi ndi ya tonse awiri, ndipo tikupita kuchipatala. Mukafuna kufunsa muzifunsa ine.” Apongozi anakhala kaye chete, kenako anandigwira dzanja n'kunena kuti samadziwa. Chiyambire pamenepo sanafunsenso, koma nthawi zina amangonditumizira uthenga woti akutipempherera.

Kafukufuku amasonyeza kuti amayi a PCOS amavutika ndi nkhawa komanso matenda a maganizo kuposa amayi ena, ndipo malangizo a akatswiri amati dokotala azifunsa za zimenezi. Ine anandifunsa, ndipo ndinayankha zoona. Kulankhula ndi mlangizi kunandithandiza kuti mwezi uliwonse usamandigwetse mpaka pansi. Vutoli limayendanso m'magazi. Mayi anga msambo wawo unali wovuta ndipo atakula anapezeka ndi shuga. Mwana wanga ndi wamkazi. Akadzatha msinkhu ndidzakhala tcheru, ndipo akadzaona zimene ndinaona ine, adzapita kwa dokotala akudziwa dzina la chimene akukafunsa.

Pamene ndikulemba pano, dzira likutuluka. Magazi atsimikiza. Pakati sipanaoneke. Adokotala akuti kawirikawiri amayesa mapiritsiwa kwa miyezi pafupifupi 6 imene dzira latulukadi, asanapite pa njira ina. Njira zinazo zilipo. Pali majakisoni a mahomoni okulitsa mazira, amphamvu kuposa mapiritsi, ofuna sikani pafupipafupi chifukwa mabasiketi a mazira a ife a PCOS amatha kuyankha mopyola muyezo, n'kutupa, madzi n'kudzaza m'mimba, mpaka munthu kugonekedwa. Pali opaleshoni yaing'ono yoboola timabowo pa mabasiketiwo kuti mahomoni achimuna atsike. Pali kuika umuna m'chiberekero ndi kachubu. Ndipo kumapeto kuli IVF, yokumanitsa dzira ndi mbewu kunja kwa thupi, imene mwana wake woyamba, Louise Brown, anabadwa ku England mu 1978.

Pa majakisoni tagwirizana kuti tidzayesa. Pa IVF sitinagwirizane. Amuna anga akuti ndalama zimene zingapite kumeneko ndi za sukulu ya mwana amene tili naye, ndipo sangapirire kundiona ndikudwala chifukwa cha mankhwala pamene pali mwana wofuna mayi ake. Sindinganene kuti akulakwa. Banja limene lilibe mwana lingathe kutaya zonse pofuna mmodzi, koma ife chilichonse chimene tingaike pa mwana amene sanabwere tikuchichotsa kwa amene alipo, kaya ndi ndalama, nthawi kapena mphamvu zanga. Ine ndikuti sindikufuna kudzafika zaka zosiya kusamba ndikudzifunsa ngati tinasiya msanga. Tapangana kuti ulendo wotsatira tikalowe limodzi kwa adokotala, tikawafunse kuti pa msinkhu wanga mwayi wa majakisoni ndi wotani, wa IVF ndi wotani, ndiponso kuti iwo angatilangize kulekera pati. Tikamva mayankho awo, tidzakhala pansi awiri n'kuika malire athu.